Mapu a Nyanja Imene Sindinaione

Ku Makokoba kuno, mumzinda wa Bulawayo, nkhani ya mapepala anga imakambidwa mitundu itatu, ndipo yonse itatu ndi yolakwika. Ena amati azungu analemba mapepalawo ndi inki yosowa yokha kuti ife tisadzadziwe pamene pali mafuta. Ena amati munthu wanjiru anawalodza. Otsalawo, amene ndi ambiri ndiponso amalankhula mokweza kuposa anzawo, amati mayi akunyumba ndiwo anawononga ntchito ya moyo wanga wonse chifukwa cha umbuli. Ndakhala ndikuwongola nkhani zimenezi pakamwa, pa bawo, pa maliro ndi potuluka m'tchalitchi, koma zonena pakamwa sizikhalitsa. Choncho ndaganiza zolemba mmene zinayendera, diso limodzi limene latsalali lisanatseke.

Ndiyambe ndi chimene ndinali, chifukwa pamenepanso pali bodza. Bambo anga anachokera ku Nyasalande wapansi, nadzalembedwa ntchito yonyamula katundu ku njanji. Sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, koma anaumirira kuti mwana wawo mmodzi asadzasenze thumba, ndipo mwana ameneyo ndinali ine. Ndinamaliza folomu yachinayi pa nthawi imene anzanga ofika pamenepo, m'mizere yonse ya nyumba zoyandikana nafe, anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Satifiketi ndili nayo mpaka lero. Nditatuluka sukulu ndinalembedwa pa kampani ina ya ku Belmont, dera la mafakitale mumzinda muno, imene inkajambula mapu a migodi. Mnzanga wina wa pa bawo, telala wachiyawo amene tinakulira limodzi, amakonda kuuza anthu kuti ine ndinkangophikira azungu tiyi. Zoona zake n'zakuti tiyi ndinaphikadi, koma chaka choyamba chokha. Chaka chachiwiri mkulu wa ofesi ataona kalembedwe kanga pa envelopu, anandikhazika pa tebulo lojambulira, ndipo sindinachokepo mpaka kampaniyo inatsekedwa.

Ntchito yanga inali yokopera. Akatswiri a miyala ankabwera ndi mapepala awo olembedwa ndi pensulo, odetsedwa ndi thukuta ndi fumbi la kutchire. Ine ndinkayala pamwamba pake pepala loonekera, n'kutsata mzere uliwonse ndi cholembera cha inki yakuda, cha nsonga yopyapyala ngati singano. Ndikamaliza, pepala loonekeralo linkagonekedwa pa pepala lina lachikasu lopakidwa mankhwala, ndipo onse awiri ankalowetsedwa m'makina okhala ndi nyale yowala kwambiri. Kuwalako kunkapsereza mankhwala paliponse pamene panalibe inki. Pamene inki inatchinga, mankhwala ankatsala, ndipo nthunzi ya amoniya inkawasandutsa mizere yabuluu. Fungo la amoniyalo linkalowa mpaka m'malaya amkati, moti mayi akunyumba ankachapa zovala zanga pazokha. Pepala loyamba kutuluka m'makina linkapita kwa katswiri kuti afufuze zolakwika. Iye ankazizunguliza ndi pensulo yofiira, ine n'kukonza pa loonekera lija, kenako tinkasindikiza mapepala abwino opita kwa eni ntchito.

Zaka zambiri tinkajambula za golide ndi malasha. Kenako kunabwera mabokosi ochokera kunja, a kampani ina imene inkafufuza mafuta pansi pa nyanja yamchere, kugombe la Mozambique. Anthu amadabwa kuti ntchito ya kunyanja inafika bwanji ku Bulawayo, kumene ngakhale madzi akumwa timalandira mosinthana masiku. Yankho lake n'losavuta: kuno kunali manja aluso, ndipo manjawo anali otchipa. Telala uja amafunsanso kuti munthu amene sanapondeko ku Beira angajambule bwanji nyanja. Ndamuyankha kangapo kuti ine sindinajambule madzi. Ndinajambula zimene zili pansi pa madzi, pansi pa matope, pansi pa miyala, ndipo zimenezo palibe munthu amene anaziona ndi maso, ngakhale amene anakwera sitima yofufuzirayo.

Sitimayo inkayenda pang'onopang'ono ikukoka chingwe chachitali chokhala ndi zipangizo zomvera. Inkawombera phokoso m'madzi, phokosolo n'kulowa pansi, kugunda miyala yosanjikizana, n'kubwerera. Makina ankalemba kubwerako pa mapepala aatali kuposa chitseko, odzaza timizere tothinana ngati ubweya wa mbuzi. Kwa munthu wosaphunzitsidwa panalibe chooneka. Koma katswiri amene anapatsidwa ntchitoyi, mzungu wokalamba wosuta kaliwo ndiponso wosakonda kulankhula, ankagoneka tsaya patebulo n'kuyang'ana chammbali, kenako n'kuyamba kutsata mwala umodzi ndi pensulo. Pamene mwalawo waduka n'kukapitirira chakumunsi, pamenepo panali mng'alu. Mng'alu umene anali nawo umboni unkalembedwa ndi mzere wosaduka, pamene umene ankangouganizira unkalembedwa ndi mzere woduladula. Wokopera waulesi amalumikiza tizidutswato chifukwa dzanja limathamanga. Ine sindinachitepo zimenezo.

Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro ndinalimba mtima n'kumufunsa chifukwa chimene ming'alu yonse inkapendekera mbali imodzi. Anatulutsa buledi woduladula amene anagulira kunyumba kwake. Anaimika zidutswazo patebulo mondondozana, nazigwira uku ndi uku, n'kumasula manja pang'ono. Zidutswa zonse zinatsetsereka n'kupendekera mbali imodzi, ndipo pamwamba pake panatsala timaenje. Anati nthaka imachita chimodzimodzi ikakokedwa. Kalekale, munthu asanalengedwe, maiko amene lero alekanitsidwa ndi nyanja anali ophatikizana. Chilumba cha Madagascar chinali chomamatira kugombe lathu chakumpoto, kenako chinang'ambika n'kutsetserekera kummwera motsata mng'alu umodzi wautali. Pamene nthaka inakokedwa inapyapyala, nithyoka, nititimira, ndipo panatsala zigwa zazitali zozama. Mitsinje ikuluikulu, monga wa Zambezi, inathiramo mchenga ndi matope kwa nyengo zosawerengeka. Tamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja tinkafa n'kukwiririka m'matopewo, m'malo opanda mpweya, kumene sitikanaola bwino. Zinthu zina zitaunjikana pamwamba, kutentha kwa pansi kunatiphika. Kukaphika pang'ono kumatuluka mafuta, kukapitirira kumatuluka gasi, kukapyola muyeso sikutsala kanthu.

Masiku otsatira ankandiuza zambiri, mwina chifukwa panalibe wina womufunsa. Mafuta, iye anati, sakhala pamene anabadwira. Amakwera kufunafuna mwala wamchenga wokhala ndi timipata, ndipo amangokhazikika ngati pamwamba pake pali mwala wadongo wowatsekera. Mng'alu ukhoza kukhala khoma lowatchinga, ukhozanso kukhala khomo lowatulutsa. Chachikulu ndi nthawi. Ngati mng'alu unasuntha kale, mafuta asanapse, umakonza malo owasungira. Ngati unasunthanso pambuyo pake, mafutawo atalowa kale, umathyola chotsekera chija, ndipo zonse zimathawira m'nyanja popanda woona. Ine zimenezi ndinazimvetsa msanga, chifukwa aliyense wokhala ku Bulawayo amadziwa kuti tsiku la madzi likafika mgolo wako uli wong'ambika, watunga pachabe.

Chigwa chimodzi chachitali ndinachikopera pafupifupi zaka ziwiri. Ndinkachidziwa kuposa misewu ya ku Makokoba: pamene chinkazama, pamene chinkapapatiza, pamene ming'alu ya kumadzulo inkakumana ndi mng'alu waukulu wa kummawa. Pamapeto pake mkulu wa kaliwo uja anaika chizindikiro cha funso pa malo amene eni ntchito ankayembekezera kwambiri, chifukwa anaona kuti ming'alu ya pamenepo inasunthanso mochedwa. Apa ndiwongolenso ena amene amanditamanda molakwika. Gasi amene anadzamveka pa wailesi zaka zambiri pambuyo pake anapezeka kumpoto kwenikweni, kutali ndi mapepala anga. Ine sindinapeze kanthu. Ndinangojambula molondola, ndipo kwa ine zimenezo zinali zokwanira.

Mapepala oonekera a inki aja, pamodzi ndi osindikizidwa bwino, anatumizidwa kunja kwa eni ake. Anatsala anali oyamba aja, ofufuzirapo zolakwika, amene mwalamulo ankayenera kutenthedwa. Ndinapempha kuti ndiwasunge, ndipo mkulu uja anangokweza mapewa. Mapepalawo anakhala pakona ya ofesi zaka zambiri. Makompyuta atabwera ntchito ya manja inayamba kuchepa, mkulu uja anamwalira, ndipo nyengo imene mafakitale a ku Belmont ankatsekedwa motsatizana inatipeza ifenso. Tsiku lomaliza anzanga anatenga mipando ndi nyale. Ine ndinamanga mipukutu yanga ndi chingwe. A kombi, minibasi za kuno, anakana kuikweza ponena kuti itchinga anthu atatu, choncho ndinaisenza paphewa wapansi mpaka kunyumba. Panjira ndinakumbukira bambo anga ndi matumba a ku njanji, koma ndinadzitonthoza kuti katundu wanga anali wina.

Kunyumba ndinaiika pamwamba pa kabati ya zovala, pansi pa denga penipeni. Mayi akunyumba atafunsa kuti n'chiyani, ndinawayankha kuti ndi zinthu za kuntchito, asamazikhudze. Ndiwo mawu okhawo amene ndinawauza za mipukutuyo pa zaka zonse zimene inakhala m'nyumba mwathu. Iwo analekeza sukulu ali aang'ono kuti alere abale awo, ndipo ine ndinkaona ngati nkhani za miyala ya pansi pa nyanja zingowalemetsa mutu. Ndikafuna kuona mapu anga ndinkadikira Lachinayi, iwo atapita ku mapemphero a amayi. Ndinkatseka makatani, n'kufunyulula pepala limodzi pabedi, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe kuti mizere yabuluu ija inabadwa ndi kuwala ndipo imafa ndi kuwala. Wokopera aliyense amadziwa zimenezo kuyambira sabata yake yoyamba.

Kwa amuna anzanga, komabe, sindinaumire mawu. Pansi pa mtengo umene timasewerapo bawo, kuseri kwa holo ya mowa, nkhani ya mafuta inkabuka kawirikawiri, makamaka petulo akasowa mumzinda. Wina ankati pansi pa dziko pali nyanja ya mafuta imene ungaimwe ndi paipi paliponse. Wina ankati kumudzi kwawo mafuta amatuluka okha pachitsime koma boma limabisa. Ine ndinkaimitsa masewero n'kufotokoza za matope, za kutentha, za chotsekera ndi za nthawi, nthawi zina mogwiritsa ntchito nkhomo za bawo ngati miyala. Telala uja ankandilola kufika pakati, kenako ankati: "Achimwene, sewerani. Mafuta anuwo sanayatsepo ngakhale koloboyi." Anthu ankaseka, ine n'kumuuza kuti munthu amene ntchito yake ndi kufupikitsa mathalauza a akufa asamalowerere za sayansi. Tinkakangana chotero kwa zaka, popanda chidani. Koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti ambiri a iwo sankakhulupirira kuti ndinagwiradi ntchito imene ndinkanena. Umboni wanga wonse unali pamwamba pa kabati, ndipo sindikanautulutsa padzuwa.

Mwayi unabwera pa maliro a mkulu wina wa mpingo wathu. Ndinakhala moyandikana ndi mdzukulu wake, mayi wophunzira amene amaphunzitsa za miyala pa yunivesite ina. Chichewa amamva koma amayankha m'Chindebele, monga achitira ambiri a mbadwo wake. Nditatchula chigwa changa chija anatembenuka n'kundifunsa mafunso atatu, ndipo mayankho anga atamukhutiritsa anasiya kuyang'ana lamya yake. Anandiuza kuti zolembedwa za mtundu umenewo masiku ano zimasungidwa m'makompyuta a makampani akunja, ndipo ophunzira ake amangoona zithunzi za m'mabuku, za nyanja zakutali. Anati ngati mapuwo alipodi, akufuna adzawajambule onse, awasunge mosungira mabuku, ndipo ena awaike m'chipinda chophunzirira pamodzi ndi dzina la amene anawakopera. Ndinamuuza kuti zilembo za dzina langa zili kale pakona ya pepala lililonse, m'kabokosi kakang'ono ka kumunsi. Tinagwirizana kuti adzabwera ndikachira, chifukwa mwezi womwewo ndinkayembekezera opaleshoni ya ng'ala.

Sindinauze mayi akunyumba zambiri. Ndinangoti kudzabwera mlendo wofunika kudzaona zinthu za pamwamba pa kabati. Ndikukumbukira kuti nkhope yawo inawala, ndipo anafunsa ngati mlendoyo amadya nkhuku.

Opaleshoni inachitika mkati mwa dzinja. Diso limodzi linayenda bwino, linalo linatupa, ndipo madokotala analamula kuti ndikhale malo opanda fumbi ndi utsi. Mwana wanga wamkazi ananditengera kunyumba kwake, mbali ina ya mzinda, kumene ndinakhala milungu itatu. M'sabata yoyamba kunagwa mvula yamphepo imene inasuntha lata limodzi la denga lathu, pamwamba pa kabati penipeni. Mayi akunyumba anazindikira patapita masiku, atamva fungo la chuku. Atakwera pampando anapeza mipukutu itanyowa mbali imodzi ndipo mawanga akuda atayamba kumera. Kenako mvula inaleka, kunabwera ng'amba ya masiku ambiri, dzuwa lake loswa mtengo.

Anachita chimene mayi aliyense wa ku Makokoba amachita chinthu cha m'nyumba chikanyowa. Bulangete likachita chuku limayanikidwa. Ufa ukachita chinyezi umayanikidwa. Matiresi, nsapato, mabuku a nyimbo, zonse mankhwala ake ndi dzuwa. Anaganiza zonditumizira uthenga, koma mwana wathu anali atawachenjeza kuti ndisadandaulitsidwe ndi kalikonse mpaka diso lipole. Choncho mmawa uliwonse ankatsitsa mipukutuyo okha, ndi msana wawo wovuta uja, n'kuifunyulula pabwalo la kuseri, pa mpanda ndi padenga la khola la nkhuku. Ankapsinja makona ndi zidutswa za njerwa. Masana ankatembenuza, madzulo n'kupinda bwinobwino. Anatero kwa masiku oposa khumi. Anaona kuti mtundu wabuluu ukuchepa, koma poti anali asanaonepo mapepalawo ali otsegula, anayesa kuti buluuyo anali banga la madzi limene likuchoka.

Tsiku limene ndinabwerera anandilandira pakhomo atavala chitenje chatsopano. Ndisanakhale n'komwe pansi, ananditsogolera kuchipinda. Mipukutu inali pabedi, yomangidwa ndi timizere ta nsalu toyera, yosanjidwa mwa kutalika kwake. Anandifotokozera za denga, za chuku ndi za njerwa, ndipo anamaliza ndi kuti: "Ndimati muwapeze ouma, abambo, mlendo wanu asadzanyansidwe. Palibe ngakhale limodzi limene lang'ambika."

Ndinamasula mpukutu woyamba. Poyamba ndinayesa kuti ndi diso langa, ndipo ndinasendera pawindo. Pepala linali lofiirira ngati tsamba la fodya, louma gwa, laukhondo. Mizere inalibe. Pena ndi pena panali kamthunzi kake, kofanana ndi njira ya nyerere pa mchenga, kamene kankasowa ndikangosuntha mutu. Ndinamasula wachiwiri, wachitatu, mpaka womaliza. Kabokosi ka pakona kanali kopanda chilembo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera zonsezi. Ndinatuluka pabwalo ndi pepala limodzi m'manja, iwo akunditsatira, ndipo ndinalankhula mokweza, mawu amene ndinali ndisanawalankhulepo kwa iwo chikwatiranire. Ndinati: "Umbuli wanu wandipha ndili moyo." Nyumba za ku Makokoba n'zothinana, ndipo mpanda wathu ndi wa waya. Amayi atatu oyandikana nafe anamva, ndipo dzuwa lisanalowe mawu aja anali atafika ku msika. Choncho nkhani yachitatu ija, imene ndimalimbana nayo kuposa zinzake, inachokera pakamwa panga. Mayi akunyumba anatola zidutswa za njerwa zimene zinali zikadali pabwalo, naziunjika pakona, n'kulowa kukhitchini.

Wolakwa ndinali ine. Kwa zaka zonsezo ndinafotokozera amuna oledzera za kutsetsereka kwa Madagascar, za mwala wadongo ndi za kutentha kwa pansi, iwo akuyasamula. Munthu yekhayo amene ankasesa pansi pa mipukutuyo tsiku lililonse sindinamuuze chiganizo chimodzi chachifupi, chakuti mapepala amenewa amafa ndi dzuwa. Kulankhula kwake sikukanatenga nthawi yomwera kapu ya tiyi. Ndinkaona kuti kuletsa n'kokwanira ndipo kufotokoza n'kutaya mawu. Iwo anasunga lamulo langa zaka zonse, ndipo analiphwanya kamodzi kokha, pofuna kundipulumutsira chinthu chimene sindinawauze n'komwe kuti n'chiyani.

Mphunzitsi uja anabwera pa tsiku limene tinagwirizana, chifukwa ndinalibe mphamvu zomuletsa. Anabwera ndi kamera ndi magolovesi oyera. Nkhuku inaphedwa. Atatha kudya ndinamuyalira mapepala patebulo. Anawerama nthawi yaitali, nayesa kuunika ndi tochi chammbali, nayesanso kujambula n'kukuza chithunzicho. Kenako analoza ndi chala n'kunena kuti pali zina zimene zikuoneka bwino. Zinali zoona. Pensulo yofiira ya katswiri wokalamba uja dzuwa silinaithe. Pa pepala lililonse panali timizere tozungulira tiwiri kapena titatu, pena muvi, pena liwu limodzi la Chingerezi lolamula kukonza. Pa ntchito ya zaka ziwiri chimene chinatsala ndi malo okhawo amene ndinalakwitsa, ndipo ngakhale zolakwikazo sizinkaoneka, koma zizindikiro zake zokha, zozungulira popanda kanthu. Iye mwaulemu anati zizindikirozo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa mapepala, ndipo zimenezo zikusonyeza dzanja labwino. Ndinamuthokoza.

Asanapite anayesa njira ina. Anayatsa lamya yake kuti ijambule mawu, nandipatsa pepala loyera ndi pensulo. "Khulu," anatero, kunditchula agogo m'Chindebele, ndipo apa anayesetsa kulankhula Chichewa, "jambulani zimene mukukumbukira. Ngakhale pang'ono." Ndinayamba bwino. Ndinajambula mng'alu waukulu wa kummawa, ndinaika pamene chigwa chinkazama. Nditafika pa ming'alu ya kumadzulo dzanja linaima. Sindinathe kutsimikiza ngati inali isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndiponso kuti ndi uti umene unasuntha mochedwa. Zaka zonse ndinkayesa kuti chigwacho chili m'mutu mwanga, pamene chinali pamapepala, ndipo mutu unkangobwereka Lachinayi lililonse. Iye anati ndingoyerekeza. Ndinamuuza kuti sindingapatse ophunzira zinthu zoyerekeza, ndipo ndinamubwezera pensulo yake. Anatsanzika mwaulemu, nalonjeza kuti adzafunsa kunja ngati mapepala a inki aja alipo. Anandiimbira kamodzi kundiuza kuti kampaniyo inagulidwa ndi ina, inanso ndi ina, ndipo palibe amene akudziwa za mabokosi a nthawi imeneyo. Kuchokera pamenepo sitinalankhulanenso.

Ku bawo ndimapitabe, koma nkhani ya mafuta ikabuka ndimayang'ana nkhomo zanga. Telala uja anasiya kundiseka, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa chipongwe chake chakale. Tsiku lina tikubwerera limodzi anandiuza motsitsa mawu kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti sindinali wophika tiyi, chifukwa ankaona inki m'zikhadabo zanga. Ndiye mboni yokhayo imene ndatsala nayo, ndipo ndi wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri.

Kwa mayi akunyumba ndinapepesa. Ndinawakhazika pansi, ndinawafotokozera za pepala lachikasu, za nyale ndi za amoniya, zonse zimene ndinayenera kunena tsiku limene ndinafika ndi katunduyo paphewa. Ndinawauza kuti cholakwa n'changa, ndipo ndinabwereza mawu omwewo pamaso pa amayi oyandikana nafe aja. Mayi akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo, nati amva. Sanandisungire mkwiyo umene ndingauloze. Amaphika, amandithira mankhwala m'diso, amandiperekeza kuchipatala. Koma ku msika anasiya kupita mmawa, nthawi imene kumakhala anzawo, ndipo ku mapemphero a Lachinayi amakhala kumbuyo.

M'nyumba muno, mmene akhala mwini wake zaka zoposa makumi asanu, tsopano amapempha chilolezo. Akafuna kusuntha nyuzipepala yakale amafunsa. Akapeza kapepala m'thumba la thalauza langa amabwera nako m'manja awiri kuti ndione ngati n'kofunika. Ndawauza kambirimbiri kuti asamatero, ndipo amavomera, koma mawa lake amafunsanso. Sabata yatha jekete langa la kutchalitchi linanyowa ndi mvula pobwera ku maliro. Linakhala pa msomali masiku atatu mpaka linayamba kununkha. Tsiku lachinayi anaima pakhomo la chipinda atalinyamula, kunja dzuwa likuwala, n'kufunsa: "Abambo, kodi ili ndingaliyanike?"